Fokolifiti Pantchito: Kiyi Akhale ndi Munthu Amene Anaphunzira

Kapepala aka talembera anthu a ku Nkope ndi madera onse a mumsewu wochokera ku Mangochi boma kukafika ku Monkey Bay: eni nyumba zosungiramo katundu, akapitawo, anyamata ndi atsikana ofuna ntchito yoyendetsa makina, komanso aliyense amene amagwira ntchito wapansi pamalo pomwe fokolifiti ikuyenda.

Makinawa ndi otani?

Fokolifiti ndi kagalimoto konyamulira katundu wolemera. Kutsogolo kwake kuli zitsulo ziwiri zazitali, mafoloko, zimene zimalowa kunsi kwa paleti, lija thandala lamatabwa losanjikapo katundu. Mafolokowo amakwera ndi kutsika pa mlongoti wachitsulo, mokankhidwa ndi mafuta a haidiroliki ndi matcheni. Kumbuyo kuli chitsulo chachikulu cholemera kwambiri, chimene ntchito yake ndi kupondereza makinawo kuti katundu asawakokere kutsogolo. Fokolifiti zina zimayendera dizilo, zina gasi wa m'silinda, zina batire.

Makinawa anayambira ku America. Kampani ya Clark inapanga kagalimoto koyendetsera katundu m'fakitale yake mu 1917, ndipo m'zaka zotsatira makampani ena monga Yale anawonjezera mafoloko okwera m'mwamba. Makinawa anafala kwambiri pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pomwe asilikali ankafuna kupakira zombo mwamsanga. Lero mupeza mayina ngati Toyota, Hyster, Linde, Komatsu ndi Heli atalembedwa m'mbali mwake.

Phindu lake ndi loonekeratu. Matumba 40 a simenti, lililonse la makilogalamu 50, ndi matani awiri. Amuna amathira thukuta nthawi yaitali kuti awatsitse m'lole pamsana, pomwe fokolifiti imawanyamula ulendo umodzi. Kuno kwathu katundu wotere ndi wosasowa: padoko la Monkey Bay pomwe Ilala yakhala ikupakira kuyambira 1951, pantchito za nsomba ndi ayisi ngati za ku Maldeco, m'mahadiweya a paboma, m'madepoti a feteleza, ndi pomangapo malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Tisaiwalenso ana athu ochuluka a m'boma lino amene ali ku Joni. Ena a iwo ali m'mawelehausi a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, kumene fokolifiti imadutsa pafupi nawo tsiku lonse.

Ndi zoona kuti makinawa akafika, ganyu wonyamula matumba amachepa, ndipo amene amadyera pamenepo sasangalala. Dandaulo limeneli ndi lomveka. Komabe misana ya anthu yatha ndi matumba, ndipo mnyamata wonyamula katundu akapatsidwa mwayi wophunzira kuyendetsa, amakhala wapeza luso loti angapite nalo kulikonse.

Kudziwa kuyendetsa lole si kudziwa fokolifiti

Pano ndi pomwe anthu ambiri amalakwira. Bwana amagula makina, n'kuitana dalaivala wa lole kapena wa minibasi, n'kumuuza kuti, "Achimwene, inu chiwongolero mumachidziwa, takwerani muone." Tsiku lomwelo munthuyo wayamba kutsitsa katundu. Zikatere bwanayo waika moyo wa wantchito wake pachiswe, ndi miyoyo ya onse oyenda pabwalopo.

Galimoto imakhota ndi matayala akutsogolo. Fokolifiti imakhota ndi akumbuyo. Ikamakhota, mbuyo yake imagwedezekera kunja mwamphamvu, ndipo munthu amene waima pambali akuganiza kuti ali patali amapanikizidwa kukhoma. Chachiwiri, makinawa amaoneka aang'ono koma ndi olemera kuposa galimoto zambiri. Fokolifiti yonyamula matani awiri ndi theka imalemera matani oposa atatu ndi theka ili yopanda kanthu. Ikaponda phazi, phazilo latha. Chachitatu, dalaivala saona bwino kutsogolo, chifukwa mlongoti ndi katundu zimamutchinga.

Chifukwa chake imagubuduzika

Gawo ili muliwerenge modekha, chifukwa malamulo ena onse akuchokera pompano.

Ngakhale fokolifiti ili ndi matayala anayi, imatsamira pamalo atatu okha: tayala lakutsogolo lakumanja, lakutsogolo lakumanzere, ndi chipini chimodzi chimene chili pakati pa ekiselo yakumbuyo. Ekiseloyo imapendekeka pa chipinicho kuti matayala onse azigunda pansi. Mutajambula pansi mizere yolumikiza malo atatuwa, mupeza chithunzi cha makona atatu, chotakata kutsogolo, chosongoka kumbuyo. Makinawo amakhazikika pokhapokha phata la kulemera konse, kwa makina ndi katundu pamodzi, lili mkati mwa makona atatuwo. Likangotuluka, agwa, ndipo palibe buleki kapena luso limene lingawabweze.

Munthu wa kunyanja izi amazidziwa ndi thupi lake. Mukakhala pansi m'bwato, bwatolo limakhazikika. Muimirire mutasenza dengu la usipa, kafunde kakang'ono kokha kakugwetserani m'madzi. Kulemera kwanu sikunasinthe, kwangokwera m'mwamba. Fokolifiti nayo ikakweza katundu mamita atatu kapena anayi, kamwala, kadzenje kapena kukhota pang'ono n'kokwanira kuigwetsa chammbali. N'chifukwa chake katundu amakwezedwa makina ataima, ndipo amatsitsidwa makina asanayambe kuyenda.

Dziwaninso ichi, chimene chimadabwitsa ambiri: fokolifiti yopanda katundu imagwa chammbali msanga kuposa yonyamula katundu wotsitsidwa bwino. Ikakhala yopanda kanthu, kulemera kumakhala kumbuyo, kumene makona atatu aja apanikizana. Ndiye nthawi imene dalaivala amamasuka n'kumathamanga, pobwerera kukatenga paleti ina, ndi nthawi yomwe ngozi ili pafupi.

Kugwera kutsogolo kumabwera ndi katundu wopitirira muyeso. Fokolifiti iliyonse ili ndi kachitsulo kolembedwa, kokhomedwa pafupi ndi mpando, kamene kamanena kulemera kumene ingathe kunyamula, kutalika kumene ingakweze, ndi mtunda wochokera patsinde la mafoloko kufika pakati pa katundu. Pamakina ambiri mtundawu ndi mamilimita 500 kapena 600. Kachitsuloko kakati makilogalamu 2,500 pa mamilimita 500, sikakulonjeza kuti katundu aliyense wa makilogalamu 2,500 anyamulika. Katundu akakhala wamtali, pakati pake n'kufika mita yathunthu kuchokera patsinde, mphamvu ya makina omwewo imatsika kufika pansi pa makilogalamu 1,700. Injini ya boti, mtolo wa malata kapena thanki yamadzi zimapusitsa anthu mwanjira imeneyi. Thanki yosadzaza ndiyo yoopsa kwambiri, poti madzi amakhavukira uku ndi uku.

Matayala akumbuyo akayamba kunyamuka kapena chiwongolero chikapepuka, katundu wachuluka. Tsitsani, gawani pawiri. Khalidwe loitana anthu kuti akwere kumbuyo apondereze, kapena lomangirirako matumba a mchenga, lisachitike ngakhale kamodzi. Ndipo makina amene kachitsulo kake kanafufutika kapena kanachoka, monga zimakhalira ndi ogulidwa atagwirapo kale ntchito kunja, asayambe ntchito mpaka mwini wake atapeza muyeso woona kwa ogulitsa makina a mtunduwo.

Bungwe la NIOSH la ku America linawerenga anthu 1,021 amene anafa pangozi za fokolifiti m'dzikomo pakati pa 1980 ndi 1994. Mwa anthu 100 alionse, 22 anafa makina atagubuduzika, ndipo 20 anali oyenda pansi amene anagundidwa. Kumeneko ndi kumene pansi pali simenti yosalala ndipo ambulansi imafika msanga.

Maphunziro enieni amakhala ndi chiyani?

Maphunziro oyenera ali ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi ya m'kalasi: ziwalo za makina, kawerengedwe ka kachitsulo kaja, chifukwa chimene amagwera, ndi malamulo. Yachiwiri ndi ya pabwalo, pamalo opanda anthu, mphunzitsi ali pomwepo: kuyenda wopanda katundu, kukhota pakati pa zizindikiro, kenako kunyamula, kusanja ndi kutsitsa. Yachitatu ndi kuzolowera malo enieni a ntchito, makomo ake, zitunda zake, katundu wake, moyang'aniridwa ndi kapitawo. Pamapeto pakhale mayeso, olemba kapena apakamwa komanso oyendetsa, ndipo wokhoza apatsidwe satifiketi yotchula mtundu wa makina amene waphunzira. Kwa munthu woyamba kumene, zimenezi zimatenga masiku angapo athunthu. Wina akakuuzani kuti akupatsani pepala madzulo a tsiku lomwelo mukangolipira, ndalama yanu musamupatse.

Musanalipire sukulu kapena mphunzitsi, funsani ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja limene linakhazikitsidwa mu 1999, ngati sukuluyo ili m'kaundula wawo. Mukhozanso kufunsa ku ofesi ya zantchito paboma. Olemba ntchito amene ali ndi madalaivala awiri kapena atatu angathe kugwirizana ndi anzawo oyandikana nawo n'kuitana mphunzitsi mmodzi kuti abwere kuno, aphunzitsire pamakina awo omwe. Njira imeneyi ndi yabwino kuposa kutumiza anthu ku Blantyre, chifukwa amaphunzira pa nthaka imene adzagwirepo ntchito. Mphunzitsiyo afotokoze m'Chichewa kapena m'Chiyao. Munthu wongogwedeza mutu pa Chingerezi chimene sanamve sanaphunzire kanthu.

Wophunzirayo akhale wa zaka 18 kapena kuposerapo, woona bwino, wakumva bwino, wopanda matenda ogwa. Amayi amayendetsa makinawa bwinobwino. Pamafunika maso ndi kudekha, osati minofu.

Luso limazilala, ndipo zizolowezi zoipa zimalowa pang'onopang'ono. Ku America lamulo limati dalaivala aziyesedwanso zaka zitatu zilizonse. Ku South Africa, pansi pa malamulo a Driven Machinery Regulations a 2015, satifiketi ya fokolifiti imachokera kwa ophunzitsa ovomerezeka ndipo imafunika kuikonzanso pakatha zaka ziwiri. Inu amene muli ndi maganizo opita ku Joni, dziwani zimenezi musananyamuke, ndipo mukafika musavomere kukwera makina ndi pepala logula pamsewu kapena la mnzanu. Ngozi ikachitika, pepalalo ndilo lidzakutsutsani. Kuno kwathu tikulangiza kuti dalaivala abwerere kwa mphunzitsi akachita ngozi, akapulumuka ngozi mwamwayi, akapatsidwa makina a mtundu wina, kapena akakhala miyezi yambiri osayendetsa.

M'mawa uliwonse, musanalize injini

Zungulirani makinawo. Onani matayala ngati ali ndi mpweya wokwanira ndiponso ngati sanang'ambike. Onani mafoloko, makamaka pachidendene pomwe apindikira, ngati pali mng'alu. Foloko imene yaperepeseka n'kutaya gawo limodzi mwa magawo khumi a kunenepa kwake yataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zake. Foloko yothyoka kapena yopindika siyowotcherera kwa amisiri a pamsika, imafuna yatsopano. Onani matcheni, mapaipi, oyilo, madzi a m'radiyeta, ndi pansi ngati padontha mafuta. Paipi ya haidiroliki ikamadontha musaifufuze ndi chala, chifukwa mafutawo amatuluka mwamphamvu yoboola khungu, ndipo bala lake, ngakhale lioneke laling'ono, lingadulitse dzanja.

Kenako kwerani, manja awiri atagwira ndi phazi limodzi litaponda, mangani lamba, lizani injini. Yesani buleki, handibuleki, hutala, magetsi, chiwongolero, ndi kukweza ndi kutsitsa mafoloko. Chilichonse cholakwika chilembedwe m'buku, makina aimitsidwe, kiyi apite kwa kapitawo. Akapitawo, dalaivala amene wakana kuyendetsa makina opanda buleki musamudule malipiro. Wakupulumutsani ku mlandu ndi maliro.

Poyendetsa

Lowetsani mafoloko onse mpaka katundu atagunda patsinde, atatalikirana mokwanira kuti paleti ikhazikike. Pendeketsani mlongoti chakumbuyo pang'ono. Yendani mafoloko ali masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pansi. Liwiro lanu pomwe pali anthu likhale la munthu woyenda. Lizani hutala pakhomo ndi pakona paliponse. Katundu akakutchingani maso, yendani chambuyo mukuyang'ana kumene mukupita, kapena pemphani munthu mmodzi yekha wokulondolerani, amene mwagwirizana naye zizindikiro zamanja. Mukasiya kumuona, imani.

Pachitunda, katundu aziyang'ana kumtunda nthawi zonse: pokwera mumapita chakutsogolo, potsika mumatsika chambuyo. Mukakhala opanda katundu, mafoloko aziyang'ana kumunsi. Musakhote muli pachitunda, ndipo musachidule chopingasa.

Potsitsa m'lole, injini ya loleyo izime, handibuleki ikokedwe, matayala atsekeredwe ndi zipika, ndipo dalaivala wake atsike aime poonekera. Lole ikasuntha mafoloko ali m'kati mwa paleti, fokolifiti imakokedwa n'kugwa.

Mpando ndi umodzi, wokwera ndi mmodzi. Mnzanu asadendekere pambali, ndipo wina asakwezedwe pa mafoloko kapena pa paleti kuti akasinthe babu kapena akakhome malata. Foni ikhale m'thumba. Mukamaliza, tsitsani mafoloko mpaka agone pansi, kokani handibuleki, zimitsani, chotsani kiyi. Pamalo athu ambiri mpanda ndi wosalimba ndipo ana amalowa kudzasewera. Kiyi wosiyidwa pamakina ndi tsoka loyembekezera mwana wa wina.

Nthaka ndi nyengo ya kuno

Mabuku ambiri a fokolifiti analembedwa poganizira welehausi ya simenti. Ku Nkope mukangopatuka patala mwaponda mchenga. Fokolifiti wamba ili ndi matayala aang'ono ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Tayala limodzi likatitimira, makina onse apendekeka, katundu ali m'mwamba. Amene akufuna kugwira ntchito pagombe kapena pomanga nyumba afunse ogulitsa za makina a matayala akuluakulu opangidwira nthaka yoipa. Apo ayi, ayambe wathira simenti kapena kutsendera miyala panjira yodutsa makina. Mtengo wa bwalo limenelo auwerengere pamodzi ndi mtengo wa fokolifiti.

Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'malo ambiri a m'mphepete mwa gombe m'boma lino. Nthaka imene inamizidwa imaoneka youma pamwamba koma pansi ili yofewa, ndipo madzi amakumba kunsi kwa simenti osaonekera. Dalaivala ayambe wayendapo wapansi. Pa jeti kapena pa mlatho wamatabwa musakwerepo musanadziwe kulemera kumene ungapirire, ndipo muziwerengera makina ndi katundu pamodzi. Nthawi ya mwera, katundu wotakata ngati malata ndi mabolodi amagwidwa ndi mphepo akakwezedwa.

Pomwe pali nsomba pali ayisi, madzi ndi mamba, ndipo pansi pamaterera. Buleki imagwira mochedwa. Chepetsani liwiro, ndipo pakhale munthu wokolopa njira.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumafooketsa munthu n'kumuwodzeretsa. Dalaivala azipuma ndi kumwa madzi. Amene wachezera panyanja usiku ndi nyali za usipa asakwere makina m'mawa mwake. N'chimodzimodzi amene walawa mowa, wasuta chamba, ali ndi malungo, kapena wamwa mankhwala ogonetsa. Pa mwezi wa Ramadan, kapitawo wanzeru amaika ntchito yolemera m'mawa kuti abale amene akusala asavutike dzuwa litakwera.

Utsi, gasi ndi batire

Injini ya gasi kapena dizilo ikamalira m'chipinda chotseka, m'kontena kapena m'chipinda chozizira chosungiramo nsomba, imatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka ndi wosanunkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenako amakomoka. Wotere mutulutseni panja msanga ndipo mupite naye kuchipatala. M'zipinda zotere mumafunika fokolifiti ya batire. Nayo ili ndi zake: potchaja imatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka, choncho potchajira pakhale podutsa mphepo, popanda fodya kapena moto, ndipo wothira madzi m'batire avale magolovesi ndi magalasi chifukwa cha asidi. Dizilo amathiridwa ndipo silinda ya gasi imasinthidwa panja, injini itazima.

Inu oyenda pansi

Musaganize kuti dalaivala wakuonani. Dikirani mpaka maso anu akumane ndi ake, akukodoleni, ndiye mudutse. Musayende kapena kuima kunsi kwa mafoloko okwezedwa, kaya ali ndi katundu kaya alibe. Musagwirize katundu wogwedera ndi manja makina akuyenda. Valani chovala chowala ndi nsapato zachitsulo kumphuno. Patapata si nsapato ya pabwalo lotere. Eni malo alembe mizere ya penti yolekanitsa njira ya anthu ndi ya makina, ndipo amayi ogulitsa mandasi, makasitomala ndi a kabaza akhale ndi poima pawo kunja kwa mzerewo.

Makina akayamba kugwa

Mtima umakuuzani kuti mulumphe. Musalumphe. Amene amalumpha amagwera mbali yomwe makina akugwera, ndipo denga lachitsulo la pamwamba pa mpando limawapsinja pamutu kapena pachifuwa. Gwirani chiwongolero mwamphamvu, pondetsani mapazi, pendekerani mbali imene makina akuchokera, mukhale mkati. Dengalo linapangidwa kuti likutetezeni muli mkati, ndipo chimene chimakusungani mkatimo ndi lamba. Ndiye lamba ngomanga ngakhale ulendo uli wa mamita khumi.

Zimene lamulo likunena

Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka udindo kwa wolemba ntchito kuti asamalire moyo ndi thanzi la antchito ake. Mwa zina, ayenera kuwapatsa makina osaopsa, malangizo, maphunziro ndi uyang'aniro. Wantchito naye ali ndi udindo wodzisamala ndi kusamala anzake. Lamulo la Employment Act la 2000 limaletsa kupatsa munthu wosakwana zaka 18 ntchito yoopsa. Lamulo la Workers' Compensation Act, la 2000 lomwelo, limati wovulala pantchito alandire chipukutamisozi, ndipo akamwalira chipite kwa amene ankadalira iye. Mu 2019 Malawi inavomerezanso mapangano a bungwe la ILO a nambala 155 ndi 187 okhudza chitetezo pantchito. Choncho, abwana, ndalama yophunzitsira dalaivala si mphatso imene mukumupatsa. Ndi gawo la mtengo wokhala ndi makinawo, monga dizilo ndi matayala.

Ngozi ikachitika, zimitsani makina ndi kuonetsetsa kuti katundu wina sagwa. Munthu amene mukumuganizira kuti wavulala khosi kapena msana musamukoke kapena kumukhazika pa njinga yamoto. Mugonekeni pathabwa, mutu ndi thupi zikhale mowongoka. Potuluka magazi panikizani ndi nsalu yoyera. Wopsinjidwa apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa magazi amatha kutayikira mkati. Chipatala cha mishoni cha Nkope chingapereke thandizo loyamba, ndipo ovulala kwambiri amatumizidwa ku Monkey Bay kapena kuchipatala chachikulu cha boma ku Mangochi. Manambala a foni a chipatala ndi a mwini galimoto yodalirika alembedwe pakhoma poonekera. Wolemba ntchito akanene za ngoziyo ku ofesi ya zantchito ku Mangochi, ndipo wovulalayo kapena abale ake asunge makalata onse a kuchipatala, chifukwa adzafunika potsata chipukutamisozi.